Bungwe la ACWL la ku Geneva: thandizo lake kwa loya wa boma wa zamalonda ndi pamene limalekezera

Kalata yochokera kwa mlembi wamkulu wa unduna imafika pa tebulo la loya wa boma ili ndi funso looneka ngati lapafupi: kodi boma lingaletse mbewu kutuluka m'dziko popeza chaka chino zokolola zachepa, kapena lingakweze msonkho wa katundu wochokera kunja pofuna kuteteza mafakitale amene akulira kuti malonda awo akufa? Yankho limafunika sabata isanathe, chifukwa nduna ikuyembekezera kusaina. Loyayo amayenera kuwerenga malamulo a mitundu iwiri nthawi imodzi. Choyamba ayenera kuona ngati lamulo limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa likupatsadi nduna mphamvu yochita zimenezo, ndipo mbali imeneyi ambirife tinaiphunzira bwino kusukulu. Kenaka ayenera kuona ngati zimene boma likufuna sizikuphwanya mapangano a zamalonda amene dzikolo linasaina ndi mayiko ena, ndipo apa ndi pamene maloya ambiri a boma amakhala okhaokha, opanda mnzawo wa mu ofesi womufunsa. Ndagwira ntchito imeneyi kwa zaka zingapo, ndipo thandizo limene ndalidalira koposa pa mbali yachiwiriyi ndi la bungwe la Advisory Centre on WTO Law, lodziwika ndi dzina lachidule loti ACWL.

Bungweli lili ku Geneva, mzinda womwewo umene muli likulu la WTO, bungwe loyang'anira malonda a pakati pa mayiko, koma si nthambi ya WTO ndipo lili ndi pangano lakelake lolikhazikitsa. Panganolo linasainidwa ku Seattle mu 1999, pa nthawi ya msonkhano wa nduna za zamalonda, ndipo bungwelo linayamba kugwira ntchito mu 2001 motsogozedwa ndi a Frieder Roessler, amene kale anali mkulu wa nthambi ya zamalamulo ku GATT, bungwe limene linalipo WTO isanakhazikitsidwe. Chifukwa chimene linabadwira chimamveka munthu akawerenga ndime 27.2 ya pangano la WTO lokhudza kuthetsa mikangano. Ndimeyo imalamula ofesi ya WTO kupereka katswiri wa malamulo kwa dziko limene likutukuka kumene ngati lapempha, koma imanenanso kuti thandizolo liperekedwe mosasokoneza kusakondera kwa ofesiyo. Katswiri amene sakuloledwa kuima mbali yako angakufotokozere malamulo, koma sangakhale loya wako weniweni, wokumenyera nkhondo kuti upambane. Mpata umenewu ndi umene ACWL inabwera kudzatseka.

Mayiko osauka kwambiri, malinga ndi mndandanda wa United Nations, ali ndi ufulu wolandira thandizo la bungweli popanda kulipira ndalama yolowera, bola akhale mamembala a WTO kapena akhale ali m'kati mokambirana zolowa. Mayiko ena amene akutukuka kumene amayenera kulowa umembala ndi kuponya ndalama m'thumba la bungwelo, ndipo anagawidwa m'magulu atatu, A, B ndi C, potengera kukula kwa malonda awo pa dziko lonse ndi chuma cha anthu awo. Uphungu wa zamalamulo ndi maphunziro zimaperekedwa kwaulere, pamene thandizo la pa milandu limalipiridwa pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa makampani a maloya, ndipo mtengowo umatsika ndithu dziko likakhala losauka.

Ambiri akamva za bungweli amaganiza za milandu ikuluikulu, koma kwa ine chuma chake chenicheni chili mu uphungu wolembedwa umene limapereka boma lisanachite kanthu. Njira yake ndi yosavuta: boma limatumiza funso kudzera kwa wogwira ntchito wake wovomerezeka, maloya a bungwelo amafunsa zimene sizikumveka, kenaka amalemba maganizo awo, ndipo zonsezi zimasungidwa mwachinsinsi monga zimakhalira pakati pa loya ndi womulemba ntchito. Chinsinsi chimenechi ndi chofunika kwambiri pa ntchito ya boma, chifukwa funso lenilenilo limaulula zimene nduna ikulingalira, ndipo zikadziwika msanga amalonda angayambe kubisa katundu kapena mayiko oyandikana nawo angayambe kudandaula chinthucho chisanachitike n'komwe.

Funso la kuletsa mbewu kutuluka m'dziko likusonyeza bwino ubwino wa uphungu wotere. Loya amene wangotsegula pangano la GATT, lomwe ndi pangano lalikulu la WTO la malonda a katundu, amapeza ndime 11, imene imaletsa ziletso za kuchuluka kwa katundu wolowa kapena wotuluka, ndipo angafulumire kuuza nduna kuti sizingatheke. Wina angawerenge mopitirira pang'ono n'kupeza kuti ndime yomweyo imalola chiletso chakanthawi pofuna kupewa kapena kuchepetsa kusowa kwakukulu kwa chakudya, ndipo iyeyo angafulumire kunena kuti zonse zili bwino. Onse awiri alephera kuthandiza nduna. Uphungu wabwino umafunsa kuti kusowako ndi kwakukulu motani ndipo umboni wake ndi wotani, kuti chiletsocho chidzatha liti popeza lamulo likunena za chakanthawi, ndiponso ngati dzikolo likukhudzidwa ndi ndime 12 ya pangano la zaulimi, imene imafuna kuti dziko lidziwitse komiti ya zaulimi ya WTO lisanaike chiletso, ngakhale kuti dziko lotukuka kumene silikakamizidwa kutero pokhapokha ngati limagulitsa kunja chakudya chimenecho koposa chimene limagula. Mayankho amene ndalandirapo kuchokera ku ACWL amayenda motero, ndime ndi ndime, akusonyeza zimene oweruza a WTO ananena pa milandu yakale yofanana ndi nkhaniyo, ndipo kawirikawiri amathera pa kusonyeza mmene chiganizo cha boma chingalembedwere kuti cholinga chake chikwaniritsidwe popanda kuphwanya pangano.

Mbali yomalizayi ndi imene ndimaiyamikira koposa. Nduna siifuna kumva kuti ayi basi. Imafuna kudziwa njira imene ili yotseguka. Ngati msonkho sungakwezedwe kupyola malire amene dziko linalonjeza pa mndandanda wake wa ku WTO, pali njira yokambirananso malirewo pansi pa ndime 28 ya GATT, ndipo palinso njira yoteteza mafakitale kwakanthawi pansi pa ndime 19 ya pangano lomwelo, imene imafuna kuti boma liyambe lafufuza poyera ndi kusonyeza kuti katundu wochuluka wochokera kunja akuvulazadi mafakitalewo kwambiri. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake ndi nthawi yake, ndipo loya amene wazifotokoza zonse momveka amakhala wathandiza boma kusankha likudziwa chimene likuchita. Ndaonanso kuti maloya a bungweli sasinjirira. Ngati chimene boma likufuna chili chofooka pamaso pa malamulo, amanena mosabisa, ndipo kalata yotero imamulimbitsa mtima loya wa boma amene ayenera kukaima pamaso pa akuluakulu ake ndi uthenga umene iwo sakuufuna. Si chapafupi kuuza nduna kuti lamulo la m'dziko silingakhale chodzitetezera pa bwalo la mayiko, ngakhale kuti ndime 27 ya pangano la ku Vienna la 1969, lokhudza malamulo a mapangano a mayiko, imanena zimenezi momveka bwino.

Komabe uphungu umakhala wabwino molingana ndi zimene wofunsayo wapereka. Nthawi ina ofesi yathu inatumiza funso lopanda ziwerengero za katundu wolowa m'dziko, lopandanso chikalata chenicheni cha lamulo limene tinkafuna kusintha, chifukwa nthambi zina za boma zinachedwa kutipatsa. Yankho linabwera lolondola koma lodzaza ndi mawu akuti ngati zili chonchi, ngati zili chonchi, ndipo vuto silinali la alangizi ayi, linali lathu. Maloya a ku Geneva sangadziwe mmene ofesi yotolera misonkho ya pa chipata imagwiritsira ntchito lamulo tsiku ndi tsiku, sangadziwe kuti chilolezo chimene pa pepala chimatuluka m'masiku ochepa chimatenga miyezi, ndipo nthawi zambiri mlandu umagona pa zinthu zoterezi. Sangamasulirenso malamulo oyendetsera dziko lako m'malo mwako. Funso loti nduna ili ndi mphamvu kapena ayi, loti anthu okhudzidwa anayenera kufunsidwa kaye, loti chiganizocho chingagwetsedwe ndi khothi la m'dziko chifukwa ndondomeko sinatsatidwe, limatsala pa tebulo la loya wa boma. Boma limene likuganiza kuti popeza kuli ACWL silifunikanso kuphunzitsa maloya ake likudzinamiza kwambiri.

Pa nkhani ya milandu, mbiri ya bungweli imadzichitira yokha umboni. Milandu ya ku WTO ndi yodula chifukwa imayenda ndi zikalata zazitali, umboni wa akatswiri ndi masiku oikika amene sasunthika: kukambirana kumapatsidwa masiku 60 wodandaula asanapemphe gulu la oweruza, ndipo zikayamba, chikalata chilichonse chimakhala ndi tsiku lake. Kuyambira pa mlandu wa nthochi mu 1997, pamene bwalo la apilo la WTO linalola dziko la Saint Lucia kubweretsa maloya osakhala a boma, mayiko akhala ndi ufulu wolemba ntchito makampani a maloya, koma ufulu umene thumba lako silingaukwanitse umathandiza pang'ono. Mu 2002 bungwe la ACWL linathandiza dziko la Peru kupambana mlandu wotsutsana ndi European Communities (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, umene lero ndi European Union), imene inkalola dzina loti sardines pa nsomba za m'zitini za mtundu umodzi wokha, wotchedwa Sardina pilchardus, n'kutsekera kunja nsomba za ku Peru za mtundu wa Sardinops sagax. Oweruza anapeza kuti lamulo la ku Ulayalo silinatsatire muyezo wa mayiko onse wa Codex Alimentarius, monga momwe pangano la WTO la miyezo ya katundu limafunira. Nkhani ya dzina lolembedwa pa chitini imaoneka yaying'ono, koma kwa asodzi ndi mafakitale a dziko logulitsa inali nkhani ya msika wonse.

Bungweli linathandizanso dziko la India pa mlandu umene unagamulidwa pa apilo mu 2004, wokhudza mmene European Communities inkachepetsera msonkho kwa mayiko ena otukuka kumene n'kusiya ena. Milandu iwiriyi ili ndi phunziro kwa aliyense amene amakayikira ufulu wa bungweli. Mwa mayiko olemera amene analiyambitsa ndi ndalama zawo muli Netherlands, Denmark, Sweden, Ireland, Finland, Italy ndi United Kingdom, amene onse pa nthawiyo anali mbali ya European Communities, komanso muli Canada ndi Norway, amene sanali mbali yake. Ndinali ndi nkhawa poyamba kuti loya wolipidwa ndi ndalama za mbali ina sangaimenye mbaliyo ndi mtima wonse, koma zimene zinachitika pa milanduyi zinandichotsa nkhawayo.

Mlandu umene umandikhudza mtima koposa ndi wa Bangladesh. Mu 2004 dzikolo linakhala loyamba mwa mayiko osauka kwambiri kuyambitsa mlandu ku WTO, podandaula za msonkho wapadera umene India inaika pa mabatire ochokera ku Bangladesh ponena kuti akugulitsidwa motchipa mopyola muyezo. ACWL inathandiza Bangladesh, ndipo nkhaniyo sinafike n'komwe kwa oweruza, chifukwa India inachotsa msonkhowo ndipo mayiko awiriwo anadziwitsa WTO kuti agwirizana. Ndimaukumbukira mlanduwu nthawi zonse pamene akuluakulu akunena kuti dziko laling'ono lisayerekeze kudandaulira mnansi wamkulu. Dandaulo lolembedwa bwino, losonyeza ndime zenizeni zimene zaphwanyidwa, lingathe kumaliza nkhani pa gome la zokambirana. Palinso njira yotsika mtengo yolowera pa mlandu wa ena ngati mbali yachitatu yokhudzidwa, monga linachitira dziko la Chad mothandizidwa ndi bungweli pa mlandu wa thonje umene Brazil inasumira United States. Kwa loya wa boma amene sanaonepo mmene milandu imeneyi imayendera, kulowa motero ndi sukulu yabwino, chifukwa amalemba chikalata chake, amalankhula pamaso pa oweruza, koma katundu wolemera wa mlanduwo amasenza ena.

Chinthu china chimene chinakonzedwa mwanzeru ndi cha pamene mayiko awiri oyenera kuthandizidwa akutsutsana okhaokha. Bungweli silingaimire onse awiri, choncho lili ndi mndandanda wa maloya ndi makampani akunja amene avomera kugwira ntchito pa mitengo yotsika, ndipo dziko limene silingathandizidwe mwachindunji limasankha pamenepo. Loya wa boma ayenera kudziwa zimenezi mkangano usanakule, chifukwa amene wachedwa kugogoda angapeze kuti mnzake wotsutsana naye analowa kale.

Za maphunziro ndinena mwachidule. Chaka ndi chaka bungweli limachititsa maphunziro a malamulo a WTO kwa nthumwi za mayiko zimene zili ku Geneva, ndipo lilinso ndi dongosolo lotenga maloya a boma kuti akagwire ntchito limodzi ndi maloya ake kwa miyezi 9. Dongosolo lachiwirili ndi lamtengo wapatali, chifukwa munthu amaphunzira polemba zikalata za milandu yeniyeni, koma malo ake ndi owerengeka chaka chilichonse, ndipo phindu lake limatayika ngati wobwerayo asamutsidwira ku nthambi yosakhudzana ndi zamalonda atangofika, zimene zimachitika kawirikawiri m'maboma ambiri. Maphunziro a ku Geneva nawo amapindulira kwambiri mayiko amene ali ndi ofesi ya kazembe kumeneko, pamene loya amene amalemba malamulo kulikulu la dziko lake, amene ndiye amalandira kalata ya mlembi wamkulu ija, amakhala kutali.

Pali zinthu zina zimene bungweli silingazikonze ngakhale maloya ake atakhala aluso motani, ndipo ndemanga yoona iyenera kuzitchula. Kuyambira mu December 2019 bwalo la apilo la WTO silikugwira ntchito, chifukwa United States yakhala ikukana kuti oweruza atsopano asankhidwe. Zotsatira zake n'zakuti dziko limene lagonja pamaso pa gulu la oweruza lingachite apilo ku bwalo limene kulibe, ndipo chigamulocho chimangokhala chosamangirira aliyense. Mamembala ena anakhazikitsa mu 2020 njira yongoyembekezera yotchedwa MPIA, yogwiritsa ntchito ndime 25 ya pangano lothetsera mikangano, koma imagwira ntchito pakati pa okhawo amene analowamo. Loya wa boma amene akulangiza zoyambitsa mlandu lero ayenera kuyamba waona ngati wotsutsana naye ali m'gulu limeneli. Ngakhalenso kale, kupambana mlandu sikunali kulandira zimene wapambana. Dziko la Antigua and Barbuda linaloledwa mu 2013 kubwezera United States mpaka madola 21 miliyoni pachaka pa mlandu wa juga ya pa intaneti, koma dziko laling'ono likabwezera lalikulu nthawi zambiri limadzipweteka lokha, chifukwa katundu amene lingamukwezere msonkho ndi yemweyo amene anthu ake amamufuna. Zonsezi zimandichititsa kuona kuti masiku ano uphungu wopewera mkangano ndi wokonzekera zokambirana walemera koposa thandizo la m'bwalo.

Malire ena ndi a ntchito imene bungweli linapatsidwa. Linakhazikitsidwa chifukwa cha malamulo a WTO, ndipo milandu imene makampani akunja amasumira maboma pansi pa mapangano oteteza ndalama zawo, monga ya ku ICSID, likulu lothetsera mikangano yotere, ili kunja kwa ntchito yake. Komatu milandu imeneyi ndi imene imawopseza thumba la boma mwachindunji, popeza imathera pa kulipira chipukuta misozi, pamene chigamulo cha WTO chimangofuna kuti lamulo lolakwikalo likonzedwe. Loya mmodzi yemweyo wa boma ndi amene amayembekezeredwa kudziwa zonsezi, ndipo chiganizo chimodzi cha nduna, monga kulanda chilolezo cha kampani yakunja, chingabutse mkangano mbali zonse ziwiri. N'zolimbikitsa kuti bungwe la UNCITRAL, nthambi ya United Nations yoona za malamulo a zamalonda, lakhala likukonza zokhazikitsa malo a uphungu ofanana ndi amenewa a milandu ya mtundu umenewo, ndipo zikuonekeratu kuti chitsanzo cha ACWL chinathandiza kuti ganizolo limveke.

Kwa mnzanga amene wangoyamba ntchito ya uloya mu unduna wa zamalonda kapena mu ofesi ya mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndinganene mosakayika kuti ayambe wafufuza ngati dziko lake lili ndi ufulu wothandizidwa ndi bungweli, ndipo ngati lili nawo, augwiritse ntchito bilu ikadali pa pepala loyamba, isanapite ku nduna zonse, chifukwa madzi akatayika saoleka ndipo lamulo limene latuluka kale mu gazeti ya boma limavuta kulibweza popanda manyazi. Polemba funso aikemo chikalata chonse cha lamulo, cholinga chenicheni cha boma ngakhale chitakhala chosakoma kuchinena, ziwerengero za malonda a katunduyo, mayiko amene akhudzidwe, ndi tsiku limene yankho likufunika. Yankho likabwera asalisunge mu kompyuta yake yokha. Mu ofesi yathu tinatsegula faelo imodzi yosungiramo funso lililonse pamodzi ndi uphungu wake ndi zimene nduna inasankha pambuyo pake, ndipo pamene funso la kuletsa mbewu kutuluka linabweranso patapita zaka zingapo, loya amene analilandira, yemwe sanalipo nthawi yoyamba ija, anayambira pa zimene zinali m'faeloyo n'kungofunsa ku Geneva zokhazo zimene zinali zitasintha.